Kalata kwa akuluakulu a boma la Ntcheu: za benzene amene ana athu akuyamwa m'zigubu

Kwa Bwanamkubwa wa boma lathu la Ntcheu, makhansala, mafumu athu, ndi inu nonse oyang'anira zaumoyo, zantchito ndi zamafuta,

Zikomo mabwana. Ine ndine mphunzitsi wa sayansi wopuma ntchito, ndipo masiku ano ndimalima kabichi ndi kachewere ngati wina aliyense kuno. Choko ndinachisiya, koma ana amene ndinawaphunzitsa ndimakumana nawobe, ambiri mwa iwo m'mbali mwa msewu wa M1 kuchokera pa Biriwiri kukafika pa Lizulu, kumene msewu womwewo ndiwo malire athu ndi Mozambique. Ena ndi akabaza, ena amakaniko, ena amagulitsa petulo wa m'mabotolo. Ndalembera iwowa.

Tsiku lina ndikuchokera kumsika, njinga yamoto imene ndinakwera inayamba kutsokomola, wakabaza n'kuima pa kabenchi kena ka mabotolo. Tinapeza onse atatha, ndiye mwiniwake analowa m'nyumba n'kutuluka akukoka chigubu. Ndinamuzindikira msanga. Anakhalapo m'kalasi langa, mnyamata wakuthwa pa masamu amene sukulu inamuthera panjira chifukwa cha fizi. Anatenga kapaipi, mbali ina anaviika m'chigubu, ina anaika kukamwa, n'kuyamwa. Petulo atafika m'kamwa analavulira pansi, kapaipiko n'kukalowetsa m'botolo limene kamng'ono kake, kamwana kosakwana zaka khumi, kanalipana ndi maondo nkhope ili pomwepo. Anapukuta milomo ndi mkono wa malaya.

"Iwe, zimenezi umachita kangati patsiku?" ndinamufunsa.

"Aa, aphunzitsi, angawerenge ndani? Ife tinazolowera. Madzulo ndikamwa mkaka zonse zimatsukika."

Ndinafunsanso ngati zigubuzo zimagona m'nyumba momwemo. Anandilozera kuchipinda. "Panja pali akuba, aphunzitsi. Komanso akabwera olanda aja amayambira zapanja."

Za moto mukuzidziwa kale, mabwana, ndipo ndi zomwe zimatchulidwa nthawi zonse nkhani ya mavenda a mafuta ikabuka. Ine ndikufuna ndikambe za chinthu china chimene chili m'petulo momwemo, chimene sichidikira machesi kuti chipweteke munthu. Dzina lake ndi benzene.

Akakhala payekha, benzene amaoneka ngati madzi akumwa, ndipo fungo lake ndi lotsekemera pang'ono moti ena amalikonda. Kapangidwe kake ndinkasangalala nako kukajambula pa bolodi: maatomu 6 a kaboni atagwirana mozungulira ngati nkhata, iliyonse itanyamula atomu imodzi ya haidirojeni. Nkhata imeneyi siimasuka wamba, ndipo mankhwala onse amene ali nayo amawerengedwa kuti ndi a banja limodzi. Woyamba kumupatula anali Michael Faraday ku London mu 1825, kuchokera ku mafuta otsalira a gasi amene ankaunikira nyumba masiku amenewo. Zoti maatomu ake amapanga nkhata anadzazifotokoza ndi August Kekulé wa ku Germany mu 1865.

Khalidwe lake ndi limene likutikhudza ife. Amawira pa madigiri 80, madzi akadali phee, koma sadikira kuwira kuti auluke. Mukangochotsa chotsekera, wayamba kale kusanduka mpweya, ngakhale m'mawa wa mu Juni ku Tsangano manja atauma ndi chisanu. Mpweya wakewo umalemera pafupifupi katatu kuposa umene timapumawu, ndipo mpweya wa petulo yense ndi wolemera chomwecho. Ndiye kuti sukwera kudenga ngati utsi wa nkhuni kuti utulukire m'mipata ya udzu. Umatsika n'kuyala pansi, pamene pali mphasa ya ana, pamene palinso mbaula. Benzene amatha kugwira moto ngakhale atazizira kufika madigiri 11 kunsi kwa ziro. M'madzi amayandama, amasungunukamo pang'ono chabe, koma pang'ono pakepo n'pokwanira kuipitsa chitsime, pakuti mlingo umene bungwe la zaumoyo padziko lonse, WHO, linaika pa lita imodzi ya madzi akumwa ndi gawo limodzi mwa magawo 100,000 a galamu. Ganizirani zimenezi mukaona malo otsanulira petulo ali pafupi ndi mjigo.

Musandimve ngati ndikumunyoza. Benzene ndi kapolo wolimbikira wa mafakitale, ndipo ntchito za manja ake zili m'nyumba mwa aliyense wa ife. Pafupifupi theka la benzene yense wopangidwa padziko amakamusandutsa styrene, amene amabala timabokosi toyera tija timanyamuliramo chipisi, komanso amalowa mu labala wa matayala. Wina amakasanduka phenol, kholo la guluu wolumikiza mapulanga opyapyala, la asipulini ndi la Panado amene timathamangira mutu ukawawa. Wina amakathera mu nayiloni wa zingwe ndi maukonde a asodzi a kunyanja. Sopo wa ufa amene amayi amachapira, utoto wambiri wa nsalu, zonsezi mukazitsata mzere wake mukafika pa nkhata ija. Koma m'zinthu zimenezi benzene amakhala atasandulika kale chinthu china, choncho palibe amene angadwale matenda a benzene chifukwa chomwa Panado. Woopsa ndi uja sanasandulike, woyenda momasuka mumpweya. Ife kuno mafakitale otero tilibe. Amatipeza kudzera mu utsi wa fodya, wa nkhuni, wa magalimoto, ndiponso kwa ana ndikunenawa, kudzera pakamwa pa chigubu.

M'petulo amapezekamo chifukwa ali kale m'mafuta okumbidwa pansi, ndipo wina amapangika poyenga. Iye ndi abale ake a m'banja la nkhata amathandiza petulo kuyaka mwadongosolo kuti injini isamagogode. Kale ntchito imeneyi ankaigwira ndi mtovu, mpaka maiko a kuno kum'mwera kwa Sahara anasiya petulo wa mtovu pofika mu 2006. Ife a Malawi tili ndi mwayi wina umene sitiunyadira mokwanira: kuyambira mu 1982 takhala tikusakaniza petulo ndi ethanol wochokera ku nzimbe za ku Dwangwa, ndipo ethanol amagwira ntchito yomweyo yoletsa injini kugogoda. Koma petulo wodzera m'tinjira ta m'malire usiku pa njinga yakapalasa sadutsa pa muyezo wa munthu aliyense. Chimene chili m'botolo chimadziwika ndi botolo lomwelo.

Tsono amatani m'thupi? Zoyamba zimaoneka tsiku lomwelo: mutu waching'alang'ala, chizungulire, mseru, kuledzera kosamwa mowa. Mavenda amati ndi dzuwa. Khungu la m'manja limauma n'kung'ambika chifukwa petulo amatsuka mafuta a pakhungu, ndipo amakaniko amene amasamba girisi ndi petulo amatsegulira benzene khomo lina lolowera. Woyamwa kapaipi ali ndi tsoka linanso lapafupi. Petulo akalowera kukhosi kopumira amapsereza mapapo, munthu n'kudwala chibayo choopsa. Ndiye chifukwa chake womeza petulo sayenera kusanzitsidwa, pakuti posanzapo ndi pamene amalowerera m'mapapo. Woteroyo ndi wothamanga naye kuchipatala. Mkaka uja mnyamata wanga amaudalira ndi chakudya chabwino, koma sutsuka kanthu m'magazi.

Zoopsa zenizeni zimabwera mwakachetechete, paja chakudza sichiimba ng'oma. Benzene akalowa m'magazi amafika kuchiwindi, chiwindi poyesa kumuphwanya chimatulutsa timankhwala tina toipa kuposa iye mwini, timeneti n'kukakhazikika m'mafuta a m'mafupa, aja timawayamwa tikamadya nyama ya mbuzi. Mmenemo ndi mmene magazi amapangidwira. Mukaonongeka, maselo ofiira amachepa, munthu n'kumangotopa, zikhatho zili mbuu. Maselo oyera amachepa, matenda aliwonse odutsa n'kumamugwetsa. Timaselo toumitsa magazi pabala timachepa, n'kumatuluka kamfuno pafupipafupi, nkhama n'kumachucha magazi potsuka mkamwa. Kwa ena mapeto ake ndi khansa ya m'magazi. Izi zimatha kutenga zaka, mwinanso munthu atasiya kale malondawo, ndiye zikamadzaoneka palibe amene amakumbukira chigubu. Timati malungo osamva mankhwala. Zikapitirira timayamba kuyang'anana m'mudzi kuti wamulodza ndani, ndipo mafumu athu mukudziwa bwino kumene milandu yotere imakathera, kawirikawiri pa khomo la gogo wosalakwa.

Izi si zongoganizira ine. Mu 1897 dokotala wina wa ku Sweden analemba za atsikana ogwira ntchito pa fakitale ya matayala a njinga, amene ankagwiritsa ntchito benzene posungunula labala. Magazi anawathera m'thupi, ena anamwalira. M'zaka za m'ma 1970 dokotala Muzaffer Aksoy wa ku Istanbul anaonetsa kuchuluka kwa khansa ya m'magazi pakati pa osoka nsapato amene guluu wawo anali wa benzene, anthu ogwira ntchito m'tizipinda tothina, topanda mawindo, tofanana ndi ta kuseri kwa misika yathu. Lero nthambi ya WHO yofufuza za khansa, IARC, imene ili ku Lyon m'dziko la France, inaika benzene m'gulu loyamba la zinthu zotsimikizika kuti zimayambitsa khansa, limodzi ndi utsi wa fodya ndi asibesitosi. WHO yomweyo imati palibe mlingo wa benzene mumpweya umene inganene kuti uwu ndiye wosavulaza.

Anzathu ena atamva zimenezi anamanga malamulo. Maiko a European Union kuyambira mu 2000 salola benzene kuposa gawo limodzi pa magawo 100 a petulo. Ku United States kuyambira mu 2011 anatsitsa kufika pa 0.62 peresenti pongowerengera pakatikati. Bungwe la zantchito padziko lonse, ILO, linalemba pangano nambala 136 mu 1971 lonena za benzene yekha. Panganolo limati amayi oyembekezera ndi oyamwitsa asagwire ntchito yowakhudzitsa ndi benzene, ana osakwana zaka 18 chimodzimodzi, ndipo chotengera chilichonse chokhala ndi benzene chilembedwe dzina lake poonekera pamodzi ndi chizindikiro cha ngozi. Nditakumbukira ndime imeneyi maso anga anabwerera pa kamwana kaja kanapana botolo ndi maondo. Ifenso lamulo loteteza moyo wa anthu pantchito tili nalo, la 1997. Kungoti m'maganizo anga linalembedwa maso ali pa fakitale ndi galaja zokhala ndi bwana ndi kaundula. Mnyamata wa pa kabenchi bwana wake ndi njala, ndipo njala siigulira munthu magolovesi.

Ndikudziwa chimene ena mwa inu mukunena mumtima: aphunzitsi, malonda amenewa ndi oletsedwa, munthu wopanda chiphaso cha MERA, bungwe loyang'anira zamafuta ndi magetsi, sayenera kugulitsa mafuta, nanga tiphunzitse bwanji munthu kuchita bwino chinthu choletsedwa? Sindikutsutsa lamulo. Koma taonani zimene zakhala zikuchitika. Mafuta atasowa mu 2011 ndi 2012 mabotolo anadzaza m'misewu, ndipo atasowanso zaka zapitazi anachulukirapo. Njinga zamoto zafika m'mudzi uliwonse, ndizo zimanyamula odwala, kachewere ndi amayi opita kusikelo, pamene malo omwetsera mafuta ali kutali ndi midzi yambiri. Wakabaza wa kumapiri sangawotche lita kuti akagule lita. Malinga ngati zinthu zili chonchi, botolo likhalapo. Kulanda kokha, kopanda mawu ena, zipatso zake ndinaziona ndi maso tsiku lija: chigubu chimachoka panja pamene mphepo imauluza mpweya wake, n'kukabisala kuchipinda kumene kumagona mayi woyembekezera ndi ana. Tikamati tathana nalo vuto, timakhala talitsekera m'nyumba ndi loko.

Ndiye pempho langa lalikulu ndi laling'ono ndithu: auzeni. Alangizi a zaumoyo amene amayenda m'midzi kukamba za kolera ndi katemera atapatsidwa tsamba limodzi la m'Chichewa lonena za petulo, uthenga ungafike pa kabenchi kalikonse mwezi usanathe. Akabaza ali ndi magulu awo ndi atsogoleri awo pa siteji iliyonse, ndipo akamvana chinthu chimachitika tsiku lomwelo. Mawu ake si ambiri. Kapaipi asamakayamwe ndi pakamwa, popeza timapampu tapulasitiki tofinya ndi dzanja tilipo m'mashopu a zipangizo. Kutsanula kuzichitikira panja, munthu atafulatira kochokera mphepo. Chigubu chisagone chipinda chimodzi ndi munthu, chikhale m'kanyumba kakekake kolowa mphepo, kutali ndi khitchini ndi chitsime. Girisi azimuchotsa ndi sopo. Mwana ndi mayi woyembekezera asayandikire. Apa mafumu athu ndi amene muli ndi mphamvu kuposa wapolisi, chifukwa lamulo la m'mudzi loti mwana asagwire botolo la petulo lingamveke msanga ngati mmene anamvekera malamulo oletsa kukwatiwitsa ana.

Kwa inu a zaumoyo, ndikupempha funso limodzi lokha liwonjezeke m'chipinda cha dokotala. Mnyamata akabwera wotumbululuka, wotuluka kamfuno, malungo osapezeka, afunsidwe kuti amagwira ntchito yanji. Akati amagulitsa petulo, amapopera utoto magalimoto kapena amamwetsa mafuta pa siteshoni, ayezedwe magazi kuwerenga maselo ake. Kuonongeka kwa m'mafupa kukadziwika msanga munthu n'kutalikirana ndi benzene, nthawi zambiri magazi amabwerera m'malo. Atsikana ndi anyamata a yunifolomu omwetsa mafuta m'masiteshoni ovomerezeka nawonso amapuma mpweya womwewo kuyambira m'mawa mpaka usiku, ndipo iwowa mabwana ali nawo, lamulo la 1997 lija likuwakhudza mwachindunji. Oyendera malo a ntchito akamapita kumeneko azifunsako za kuyezedwa magazi, asamangoona chozimitsira moto n'kusaina.

Pali m'bale wake wa benzene amene sindingatseke kalata ndisanamutchule. Ndi toluene, nkhata yomweyo koma itamera kanthambi kamodzi. Dzina lake linachokera ku utomoni wonunkhira wa ku Tolú m'dziko la Colombia. Amawira pa madigiri 111, ndipo mafakitale anamutenga kuti alowe m'malo mwa benzene posungunula zinthu chifukwa iye saononga m'mafupa ngati mkulu wakeyo. Ndi amene amanunkha mu thina wa opaka utoto ndi mu guluu wa osoka nsapato, ndipo amalowa popanga siponji ya matiresi. Iye amalimbana ndi ubongo. N'chifukwa chake ana a m'misewu ya m'tauni amanunkhiza guluu kuti aiwale njala ndi chisanu, ndipo wopopera utoto m'galaja yotseka amatuluka akudzandira. Kansalu kapamphuno kaja tinazolowera nthawi ya Covid-19 kamatchinga fumbi, mpweya wa thina umadutsa ngati palibe kanthu. Chondidetsa nkhawa n'chakuti thina ambiri m'misika yathu amagulitsidwa mopungulira m'mabotolo a madzi ndi a zakumwa, opanda chilembo chilichonse. Wogula sangadziwe ngati muli toluene yekha kapena mwatsalira benzene, monga zimachitikira ndi thina wosayengeka bwino, ndipo mwana waludzu amangoona botolo la madzi. A khonsolo amene amadula ziphaso za msika tsiku ndi tsiku amadutsa pa mabenchi amenewa. Kunena kuti botolo lililonse la thina lilembedwe, ngakhale ndi cholembera pa kapepala komata, sikufuna ndalama ya boma.

Chotsala ndi chimene simungachite nokha pano pa boma, koma mawu anu amafika ku Lilongwe ndi ku Blantyre kusiyana ndi anga. Mukakhala pansi ndi a MERA ndi a MBS, amene amaika miyezo ya katundu, apempheni kuti azilengeza poyera kuchuluka kwa benzene m'petulo amene tikugula, m'chilankhulo chimene wakabaza angamve, monga mmene amalengezera mitengo ikasintha. Apempheninso aganizire njira yoti timalo ting'onoting'ono tovomerezeka, ta thanki yotsekeka ndi pampu, tifike m'misika ya kumidzi. Tsiku limene wakabaza adzapeze pampu pafupi, botolo lidzatha lokha popanda wolithamangitsa.

Mnyamata uja ndinabwererako patapita sabata. Ndinamutengera kapampu kofinya ndi dzanja, ndipo tinakhala pa kabenchi kake ine n'kujambula nkhata ija pa dothi ndi kamtengo, monga tinkachitira pa bolodi. Anamvetsera bwino kusiyana ndi mmene ankamvetserera ali pa sukulu. Zigubu anazisamutsira m'khola lakale la nkhumba, kamng'ono kake anakaletsa kufika pamalopo. Kenaka anandifunsa kuti, "Nanga aphunzitsi, zaka zinayi ndakhala ndikuyamwazi, zalowa kalezo zituluka?" Ndinamuuza kuti apite akayezetse magazi, ndipo akafike n'kunena yekha ntchito imene amagwira ngakhale asamufunse. Anati akuopa kuti akanena amugwiritsa kwa apolisi.

Mabenchi otere pakati pa Biriwiri ndi Lizulu ndi ambiri, ndipo ine penshoni yanga yagula kapampu kamodzi. Nthawi yokha ndiye ndili nayo yambiri. Mukaitanitsa akabaza, amakaniko ndi mavenda pa bwalo lililonse m'boma lino, n'kuwatsimikizira kuti tsiku limenelo palibe wolandidwa chigubu, ndidzabwera ndi choko changa, ulendo ndidzalipira ndekha.

Ine wanu,
Mphunzitsi wa sayansi wopuma ntchito,
Ntcheu